Moto wa a Vailet ndi Mgiriki wa Amuna Awo

Ku malayini a esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa, munthu akanena kuti akukapala moto sankafunsidwa kuti kwa yani. Kunali kwa a Vailet basi, nyumba yakumapeto, pafupi ndi mpopi umene unauma kalekale. Kuseri kwa nyumbayo kunali kakhitchini kofolera malata otola, ndipo m'kakhitchinimo munali moto umene, malinga ndi mwini wake, sunazimepo kwa zaka zoposa makumi atatu.

Motowo unabwera ndi amayi awo a Vailet. Musaganize kuti panali mwambo kapena mawu a madalitso. Mayiwo ankasuta chingambwe, ndiye tsiku limene anaperekeza mwana wawo kuchokera ku Masambanjati kudzamusiya ku nyumba ya kampani, anayenda ndi chitsononkho chofuka m'phale kuti aziyatsira fodya m'njira. Chikatha ankayatsira china. Atafika anapeza pa mafuwa pali pozizira, anakhuthulirapo timakala tawo tija n'kunena kuti, "Mwamuna wakoyu ndi machesi omwe alibe." M'mawa mwake anabwerera kwawo, ndipo chaka chisanathe anamwalira. A Vailet anafika pa maliro mochedwa chifukwa uthenga unayamba wagona kwa kapitawo. Anapeza nsalu zitagawidwa, mbiya itapita kwa mng'ono wawo Esnat, ngakhale mpeni wosendera chinangwa uli ndi mwini wake kale. Chimene anatsala nacho cha amayi awo chinali moto uja.

Kusunga moto anthu amauona ngati mwayi, koma ndi nkhuni. A Vailet ankathyola tiyi tsiku lonse, dengu kumsana, ndipo akachoka pa sikelo anzawo akulunjika kunyumba, iwo ankakhota kukatola nthambi za tiyi wodulira, kapena kuzemba alonda m'nkhalango ya bulugamu. Madzulo ankaukwirira ndi phulusa, m'mawa kuufukula ndi kuupemerera, popita kumunda kuusiyira chikuni choti uzidya pang'onopang'ono. Anali a Adventist, ndiye Lachisanu ankaphikiratu zonse dzuwa lisanalowe, ndipo pa Sabata motowo unkagona pansi pa phulusa ngati mkhristu wa benchi yakumbuyo. Popita ku chipatala kukachira mwana wawo Rachel, malangizo onse amene anasiyira mnzawo wa khomo loyandikana anali a moto. Za mwamuna wawo sanatchuleko.

Mwamunayo anali a Jonas, ndipo ntchito yawo inali yosonkha nkhuni m'ng'anjo youmitsira tiyi ku fakitale. Tinene kuti m'banjamo onse awiri anali osonkha moto. Kusiyana kwake kunali kwakuti a Jonas ankalandirapo malipiro, ovolosi ndi jombo, pamene a Vailet ankalandirapo chifuwa ndi maso ofiira. A Jonas sanali munthu woipa. Sankamwa, sankamenya, tiyi amene ankaumitsa moyo wawo wonse sanamulawepo chifukwa mpingo sulola. Vuto lawo linali limodzi: Mgiriki.

Mgirikiyu a Jonas anamutenga ku msonkhano wa misasa. Mlaliki wina wochokera kutali, munthu wowerenga, anayamba ulaliki wake ndi nkhani ya munthu wina wa ku Girisi, wakalekale, wosapembedza. Munthu ameneyu, anatero mlaliki, ankaphunzitsa kuti palibe chokhala chikhalire. Zonse zikuyenda ngati madzi a mumtsinje. Dziko lonseli ndi moto, kwina ukuyaka kwina ukuzima, ndipo munthu amene wadzuka lero si amene anagona dzulo. Mlalikiyo cholinga chake chinali chakuti amumange kaye Mgirikiyo bwinobwino, kenako amugwetse ndi mavesi onena kuti Mulungu sasintha. Koma dzuwa linali litakwera, a Jonas anali atachokera ku ntchito ya usiku, ndiye mavesiwo anawapeza ali m'tulo. Anadzidzimuka pa nyimbo yotsekera. Anthu onse anabwerera kwawo ndi Mulungu wosasintha, a Jonas okha anabwerera ndi Mgiriki.

"Mgiriki wake uti?" anafunsa a Vailet atamva. "Wa buledi ku Limbe uja?"

"Ayi, amayi a Rachel. Uyu ndi wakale, Yesu asanabadwe."

"Ndiye kuti anafa."

"Anafa, inde."

"Nanga akufuna chiyani m'nyumba mwanga?"

Koma Mgirikiyo analowa, n'kukhazikika ngati mlamu wobwera kudzafuna ntchito. Denga la khitchini likadontha, a Jonas ankati dontho la lero si la dzulo, tidikire tione la mawa. Akalonjeza nsalu pa malipiro, malipiro n'kufika, ankati amene analonjeza uja anali munthu wina, wa sabata yatha.

"Koma wanjala ndi wa lero yemweyu, eti?" ankatero a Vailet, akuwaikira mbale.

Zonsezi a Vailet ankaziseka. Pamene sankaseka ndi pamene Mgirikiyo ankalowa m'khitchini. A Jonas ankaima pakhomo, manja kumbuyo ngati bwana woyendera fakitale, n'kumati, "Taganizani bwino, amayi a Rachel. Nkhuni ndi zina. Lawi ndi lina. Utsi wa tsiku lija unafika kale ku Mozambiki. Cha malemu apongozi chatsalapo n'chiyani apa?"

A Vailet ankakankhira chikuni mkati. Zakuti nkhuni ndi zina ankazidziwa kuposa wina aliyense, popeza khosi limene linazisenza linali lawo. Ankangowerama n'kupemerera, koma funsolo linkawatsatira mpaka kumunda, linkakhala nawo pakati pa mizere ya tiyi ngati kamwala m'nsapato.

Chowawa kwambiri chinali chakuti Mgirikiyo ankapezeka kuti walondola kawirikawiri. Kampani inagulitsidwa, zikwangwani zinasintha mtundu. Kumunda kunabwera masizasi othyolera tiyi, zala zimene zinkatamandidwa kale zinasanduka zochedwa. Anthu a m'malayini ankabwera ndi mvula n'kupita ndi chilimwe, moti nyumba imodzi inkatha kusintha chilankhulo katatu mwana asanayambe kuyenda. Kwawo ku Masambanjati nthochi zinatha ndi matenda. Rachel anakula, anapita ku Blantyre, n'kuyamba kulankhula ndi makolo ake kudzera pa kagalasi ka foni. Nthawi zonse zikatero a Jonas ankangokweza chala chimodzi, ndipo a Vailet ankalakalaka atachiluma.

Machesi anatsika mtengo, koma amayi a m'malayini sanasiye kubwera ndi timapale tawo. Wopala moto amapalanso nkhani, amabwerekanso mchere, amasiyanso mwana "pang'ono pokha". Kalongonda, nyemba zija zofuna kuwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wa layini yonse ankapsera kwa a Vailet, chifukwa ndani angaononge nkhuni zake pamene pali moto wosazima? Eni ake ankabwera madzulo kudzatenga miphika yawo n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni." Wobwera ndi kamtolo ka nkhuni ankachita kuwerengeka.

Kenako a Jonas anakwanitsa zaka zopumira pa ntchito. Nyumba ya kampani imatsata ntchito, simatsata munthu, ndipo wolowa m'malo mwawo anali atayamba kale kudutsa pakhomo n'kumayeza mawindo ndi maso. Panalibe kwina kopita koma ku Masambanjati, kwawo kwa a Vailet, kumene Esnat anawasungira malo. Kampani inapereka lole yonyamula katundu. A Vailet sanadandaule za nyumba, sanadandaule za mpopi wouma. Anangonena chinthu chimodzi: moto ukupita nawo, ubwerere kumene unachokera.

Tsiku losamuka kunacha ndi chiperoni, kamvula kaja kosagwa koma konyowetsa, mapiri onse atafunda nkhungu. Katundu atakwera, a Vailet anatuluka m'khitchini ndi phale lalikulu, pansi phulusa, pamwamba makala ofiira, atalikhazika pa nkhata ya nsanza m'manja.

Dalaivala wa loleyo anali Mervin, mwana wa m'malayini momwemo, tsopano wandevu ndi kamimba. Ataona utsi anatsika msangamsanga.

"Amayi, chimenecho ayi."

"Ndi moto chabe, mwanawe."

"Ndiye vuto lakelo! Kumbuyoku kuli matiresi anu, kuli chigubu cha dizilo. Mukufuna tikafike ku Masambanjati titapsa kale ngati mbatata?"

"Mbatata zimene unkaba pa moto womwewu, ukuyenda mbulanda?"

Amayi amene anabwera kudzatsanzikana nawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mervin naye anaseka, koma sanasunthe pa chitseko.

"Ndinkaba, sindikukana. Koma ntchito ndili nayo ndi imodzi yomweyi, amayi. Akamva abwana kuti ndinakweza moto, mawa ndidzakhala ndikupala moto kwa inu ku Masambanjati konko. Ndikugulirani machesi, paketi yonse."

A Jonas anali atakhala kale kutsogolo, atavala jekete la ku tchalitchi. Anatulutsa mutu pa windo.

"Amayi a Rachel, usiyeni. Ku Masambanjati moto uliko. Paja Mgiriki uja ananena kuti…"

"Mgiriki wanuyo akwere nanu kutsogoloko. Malo anga atenge iyeyo."

Anatero n'kubwerera m'khitchini. Anadzaza jumbo ndi zitsononkho zouma, anaimanga kumsana ngati mwana, anatenga ambulera. Amayi awo anayenda njira imeneyi ndi moto, iwonso ayenda. A Jonas anati wina ayenera kulondera katundu, ndipo lole inanyamuka.

Anzawo anawaperekeza mpaka pamene tiyi wa esitetiyo amathera. Kuchokera apo anali okha. Dzanja limodzi phale, lina ambulera, ndipo ambulerayo inali ya moto, mwini wake akunyowa. Dothi lofiira linkamata ku mapazi. Othyola tiyi a esiteti ina, atavala mapepala a pulasitiki, anaimika ntchito n'kumawayang'ana.

"Amayi, kwanuko machesi anatha?"

"Kapena mukukaotcha nyumba ya mkazi mnzanu?"

Mnyamata wa njinga yamoto anaima n'kunena kuti akwere awatsitsira mtengo, koma a Vailet ankadziwa chimene mphepo ya njinga imachita ndi makala: amayaka mokondwa n'kutha nthawi yomweyo. Anapukusa mutu. Pakapita kanthawi ankakhala pansi pa mtengo, kumasula jumbo, kuikapo chitsononkho, kupemerera, kunyamuka.

Chimene sanachiganizire ndi chakuti chiperoni amalowa paliponse. Atadutsa Makwasa, zitsononkho zinayamba kulira m'malo moyaka, kutulutsa utsi woyera wopanda lawi. Anayesa udzu wa m'mbali mwa msewu, wonyowa. Anayesa kachidutswa ka nsanza ya nkhata, kanangofuka. Pamene ankafika pa mphambano ina pamene pali timashedi ta amayi ogulitsa, m'phale munali mutatsala timakala tiwiri, tofiira pang'ono ngati maso a munthu wodwala malungo.

Pa shedi yoyamba panali mayi wina wootcha chimanga cha kudimba pa mbaula, wonenepa, wa mawu aakulu, mwana kumsana.

"Lowani, amayi, lowani! Mwanyowa ngati nkhuku. Khalani apa."

A Vailet anaika phale pansi pa benchi, pouma. Anaona kuti kuseri kwa shediyo, pansi pa denga, pali timitengo touma, ndiye anazungulira kuti akathyoleko. Sanachedwe. Koma pobwera anapeza phale lawo lili pakati pa shedi, lodzaza, likuyaka ngati la pa ukwati.

"Unali ukufa," anatero mayi uja akupukuta kachidutswa ka lata kamene anapalira makala a pa mbaula yake. "Ndakuonjezerani. Apa mukafika nawo kulikonse, ngakhale ku Nsanje."

A Vailet anaima ndi timitengo tawo m'manja. Kenako anagwada, anatenga kamtengo kamodzi n'kuyamba kutembenuza makalawo limodzilimodzi.

"Anga anali ati?"

"Tiwiri tija? Tili pansi penapake. Ndatikwirira kuti titenthedwe."

Anatembenuza onse. Onse anali ofiira chimodzimodzi, onse ankatentha chimodzimodzi. Panalibe khala limene linkaoneka kuti likuwadziwa.

"Wanuwu munauyatsa bwanji?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Ndi machesi ndi jumbo, m'mawa uno. Makala anyowa masiku ano, popanda pulasitiki sagwira." Mayiyo anaona nkhope ya mlendo wake, mawu ake anachepa. "Ndalakwa, amayi?"

A Vailet anatsegula pakamwa. Mawu analipo, ena a Chilomwe amene amayi awo ankasungira mbuzi zolowa m'munda. Koma akanamunena chiyani munthuyu? Mkazi aliyense woona moto wa mnzake ukufa amachita zomwezo. Iwo eni anachitira anthu zimenezi kwa zaka zonsezi osafunsa, ndipo aka kanali koyamba kuti wina awachitire.

"Simunalakwe," anatero. Anakhala pa benchi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Utsiwu."

Atafunsidwa, anafotokoza nkhani yonse, ya chingambwe, ya mbiya, ya lole. Mayi wa chimanga anagwira pakamwa, anati "Mayo ine!" kangapo, kenako, posowa chochita, anawapatsa chimanga chootcha chaulere.

Akudya choncho, kunatulukira njinga yakapalasa kuchokera mbali ya Masambanjati, woyendetsa wake akupalasa mokhotakhota, jekete la ku tchalitchi litamata pathupi. Anali a Jonas. Lole itafika, Esnat anawerenga matiresi, mipando, mbuzi ndi mlamu, n'kufunsa kuti achemwali ake ali kuti. Atamva yankho sanawapatse a Jonas ngakhale madzi akumwa. Anawabwerekera njinga n'kuwalozera msewu.

Mayi wa chimanga sanadikire kufunsidwa. Anawafotokozera zonse, ndi manja omwe, mpaka jumbo ndi machesi. A Jonas anayang'ana phale, anayang'ana mbaula, anayang'ananso phale. A Vailet anaona chala cha amuna awo chija chikuyamba kukwera. Zaka zonse zija munthuyu ankadikira tsiku ngati limeneli.

"Nenani, abambo a Rachel," anatero a Vailet. "Nenani za Mgiriki wanu. Ndakhala pansi kale."

A Jonas anakanda m'mutu.

"Ndamusiya ku katundu," anatero. "Akulondera mbuzi."

Mayi wa chimanga anafunsa ngati Mgirikiyo ndi wa ganyu.

A Vailet anakhala kanthawi akuyang'ana phale lija. Akanatha kulikhuthulira pa mbaula, n'kukwera pa keliyala ya njinga, n'kukafika kwawo kusanade, manja ali m'chitenje ngati munthu. Anaganiza zimenezo moona mtima. Koma timakala tiwiri tija tinali m'menemo penapake, kapena moto wake unali utalowa kale mwa anzake, ndipo kutaya onse chifukwa chosadziwa awiri kunawaonekera ngati kutaya ufa chifukwa wasakanikira ndi wa mnzako ku chigayo. Anakonza nkhata yawo, ananyamula.

Mayi uja anawamangira makala ouma m'kapepala. A Jonas anakankha njinga ndi dzanja limodzi, lina atagwira ambulera pamwamba pa phale, ndipo ankaigwira moipa, moti madzi a m'mphepete mwake ankatsikira m'khosi mwa akazi awo. Anakangana za zimenezo mpaka ku Masambanjati.

Esnat anawaona ali patali n'kuthamangira ku msewu. Sanapereke moni. Anasuzumira m'phale, manja ali pachifuwa.

"Ndi womwe uja wa amayi?"

"Womwewo, alamu," anayankha a Jonas mofulumira. "Womwewo ndithu. Ine ndi mboni."

A Vailet anawayang'ana amuna awo kuyambira ku jekete mpaka ku nsapato.

"Akunama," anatero. "Mkulu wa mpingo wathunthu. Wina ndi wa amayi, wina ndi wa mayi wina wootcha chimanga pa mphambano. Anayatsira jumbo."

"Ndiye wa amayi ndi uti?"

"Sindikudziwa, Esnat."

Esnat anayang'anitsitsa makalawo ngati akufuna kuzindikira m'bale pa chithunzi cha gulu. Kenako anakweza mapewa.

"Ulowe. Wayenda ulendo wautali." Anatembenukira kwa a Jonas. "Koma khitchini yanu ilibe denga, alamu. Kuja nyumba inali ya ntchito yanu, kuno ndinu mkamwini. Udzu uli kudambo, nsungwi zili kumtsinje, chikwakwa ndikubwerekani."

Tsiku limenelo motowo anauika m'khitchini mwa Esnat. A Vailet anafuna kugwada kuti aukonze, koma mawondo anakana, mapazi anali atatupa ngati mikate. Esnat anawakankhira pa mkeka, anakhuthula yekha phale pa mafuwa, anasonkha nkhuni zake, anapemerera mpaka lawi linadzuka. Anatereka madzi othowera mapazi a achemwali ake. Panja a Jonas ankamveka akufunsa ana kuti kudambo n'kutali bwanji.

A Vailet anakhala pa mkekapo, manja ali pa miyendo, osadziwa kuti awaike pati.

"Chikunicho wachilowetsa kwambiri," anatero. "Chitha msanga."

"Nkhuni ndi zanga, achemwali," anayankha Esnat. "Bweretsani phazi."